Tsiku Limene Malume Anapala Zidindo

"Malume, mwatipha ndinu! Musayang'ane kudenga, dengalo siligwira puleni. Mwapala zidindo ndinu!"

Ndinakuwa choncho Lolemba m'mawa, chikwama chidakali paphewa, phazi limodzi lidakali pakhomo la shedi. Malume anali ataima pakati pa mapaleti makumi awiri, pensulo kukhutu, manja m'chiuno, akumwetulira ngati bambo amene wangouzidwa kuti kwabadwa mapasa.

"Wadzuka bwanji kaye, Tsabola? Kwanu sapatsana moni?"

"Kwathu ndi kwanu komweko, ndipo sindinadzuke bwino. Zidindo zili kuti?"

"Zipsera zakuda zija? Ndachotsa. Dzulo lonse, anzanga akupuma, ine ndili pano. Tabwera ugwire apa. Gwira, usaope. Ngati tsaya la khanda."

Ndinagwira. Thabwalo linali losalaladi, chala chimachita kutsetsereka chokha. Ndicho chimene chinandipsetsa mtima kwambiri, chifukwa munthu akalakwitsa mwaulesi umadziwa pomuyambira, koma akalakwitsa mwaluso umasowa pogwira.

Ndikuuzeni kaye mmene tinafikira apa. Malume ndi mlongo wawo wa amayi anga, kalipentala wa zaka makumi atatu pa ntchito. Amapanga mpando wopinda umene sulira ukakhalapo ngakhale uli wonenepa chotani. Mkulu wina wa mahotela kutsidya la nyanja anauona, anaukhalira, n'kunena kuti akufuna mazana anayi oyambira, ndipo ikafika pa nthawi yake, adzafuna ina mwezi ndi mwezi. Kwathu doko lili kutali, matabwa ndi ovuta. Ndiye malume anati tikatsegule kampani m'dziko lino la eni, kumene matabwa ali pafupi ndipo sitima zimachita kumveka kulira uli pabedi. Ine ananditenga kuti, m'mawu awo, "uzindiwiritsira tiyi ndi kundiyankhira foni."

Tiyiyo ndinawiritsadi. Koma amene anaphunzira chilankhulo cha kuno pa wailesi ndi pamizere ya m'maofesi ndine. Sukulu ndinalekeza panjira, koma malamulo a kampani ya alendo ndinawerenga onse pa foni yosweka galasi, tsamba ndi tsamba, mpaka maso kutuluka misozi. Ndine ndinadziwa kuti mlendo sapatsidwa laisensi popanda chikwangwani pakhomo, pepala la lendi, ndi antchito awiri a dziko lomwelino. Ndine ndinadziwa kuti chilichonse chimene tipanga chiyenera kutuluka kunja, osagulitsa kuno ngakhale mwendo wa mpando. Maofesi asanu ndi awiri ndinayenda, ina kanayi kanayi, nsapato imodzi inathera pamasitepe a ofesi ya misonkho. Mapepala atatuluka, dzina la malume linali pamwamba m'zilembo zikuluzikulu. Langa ndinalisaka ndi chala mpaka tsamba lomaliza. Munalibe. Nditafunsa, malume anati, "Iwe ndi ine ndi magazi amodzi, pepala n'chiyani?" Anthu amene amanena kuti pepala n'chiyani nthawi zonse amakhala oti dzina lawo lilipo kale.

Tsopano za mapaleti. Paleti ndi matabwa okhomedwa ngati kabedi kafupi, poikapo katundu kuti makina anyamule. Thabwa lotere likamawoloka nyanja liyenera kuotchedwa kaye mu uvuni kuti tizilombo tife, kenako amalidinda chidindo chootcha mbali ziwiri. Popanda chidindo, katundu salowa padoko. Ndinafotokoza zimenezi kwa malume Lachisanu, Loweruka mapaleti akubwera ndinabwerezanso. Iwo ankangoti "eya, eya," maso ali pa zipserazo ngati mayi amene waona mwana wake ali ndi mamina.

Woyendera katundu amabwera 2 koloko masana. Lole imayenera kulowa padoko 5 koloko isanakwane. Sitima imanyamuka mawa lake, ina patatha masabata atatu, ndipo mkulu wa mahotela anali atanena poyera kuti hotela yake sitsegulidwa alendo atakhala pansi. Tikaphonya, apita kwina.

"Malume," ndinatero, ndikuyesa kupuma, "chidindo chija ndiye chiphaso cha thabwa. Mwang'amba ziphaso makumi awiri."

"Palibe chinthu chimene chinatulukapo m'manja mwanga chili ndi chipsera. Anthu a kutsidya akaona aziti chiyani? Aziti kalipentala uja ndi wauve."

"Anthu a kutsidya paleti saliona n'komwe! Amalitaya kuseri!"

"Ndiye akalitaye lili loyera."

Antchito athu awiri anali atafika. Mmodzi ndi mayi wamkulu thupi amene amayendetsa kagalimoto ka mafoloko konyamulira katundu, timangomuti Mayi Foloko. Wina ndi bambo wachikulire wopaka vanishi, amene malume anamutcha Chete chifukwa pa mwezi amalankhula mawu osakwana khumi. Mayi Foloko anandifunsa m'chilankhulo chawo kuti kwagwanji. Nditawauza, anayang'ana mapaleti, anayang'ana malume, kenako anakhala pansi pa chitini cha guluu n'kuseka mpaka kugwira nthiti. Chete anavula chipewa ngati pamaliro.

Apo mpamene nkhope ya malume inayamba kusintha.

"Akuseka chiyani ameneyu?"

"Akuseka ife, malume. Mawa doko lonse likhala likuseka."

Anakanda kumutu ndi pensulo. Kenako maso awo anawala, ndipo ine ndinadziwiratu kuti kukubwera zoopsa kuposa zoyamba.

"Chabwino. Unajambula mapaletiwa pa foni, eti? Ndionetse chithunzi. Nditenga chitsulo, ndichipinda bwinobwino, tiotcha pamoto. Pofika 10 koloko zidindo zabwerera, zokongola kuposa zawo."

"Mukangoyatsa motowo, ine ndikuyimbira apolisi ndekha."

"Iwe mwana! Mwana wa mlongo wanga weniweni?"

"Yemweyo. Chidindo chabodza ndi ndende, ndipo alendo ngati ife akatitulutsa m'ndendemo satibweza kushedi, amatikweza basi ya kwathu. Mukawauza chiyani amayi? Kuti tinabwera ndi manja awiri ndi puleni?"

Ndinayimbira kampani yogulitsa mapaleti. Mtsikana wa pafoni anati ena ootcha kale apezeka Lachinayi. Ndinachonderera, ndinaopseza, ndinamutcha mchemwali wanga. Anati Lachinayi. Ndinayimbira kampani ina, anati satumiza ochepera zana. Yachitatu foni inangolira. Nthawi inali itadutsa 9 koloko, mipando mazana anayi ili m'makatoni kukhoma, ikutiyang'ana.

Mayi Foloko anapukuta misozi ya kuseka n'kuloza ndi chibwano kuseri kwa mpanda. "Kwa aneba kuli mulu. Matailosi awo amabwera pa sitima. Paleti lililonse kumeneko lili ndi chidindo."

Nditamasulira, malume anati, "Kwa Mfumu ya Zimbudzi? Bola sitimayo ipite."

Aneba athu ndi mlendo ngati ife, wochokera dziko lina lakutali, amagulitsa matailosi, masinki ndi mipando ya kuchimbudzi. Iwo ndi malume anadana tsiku loyamba, chifukwa utuchi wathu umatuluka pawindo n'kukatera pa katundu wawo wonyezimira. Malume amawatcha Mfumu ya Zimbudzi, iwo amatcha malume Chiswe. Popeza sakumvana chilankhulo, womasulira ndewu zawo ndine, ndipo ndakhala ndikumasulira mawu ndi mawu, osachotsa osawonjeza, chifukwa ndimakhulupirira kuti munthu akatukwanidwa ali ndi ufulu womva chitukwano chake chonse.

"Tiyeni," ndinatero. "Vulani epuloniyo. Ndipo kukamwako mutseke, ndilankhula ndine."

"Ndine mwini kampani."

"Mwini kampani wapala zidindo. Tiyeni."

Tinawapeza aneba akupukuta sinki ndi nsanza. Atationa anatambasula nsanzayo kuti tione utuchi.

"Chiswe chabwera kudzadya chiyani kuno? Kuno kulibe mitengo."

"Akuti chiyani?" anafunsa malume.

 Tsiku limenelo ndinaphwanya lamulo langa. "Akuti takulandirani, mwasowatu."

"Uwauze kuti nkhope yawo ikufanana ndi katundu wawo."

"Malume akuti shopu yanu ikuwala lero, ndipo abwera ndi pempho."

Aneba anandiyang'ana mokayika, chifukwa nkhope ya malume sinali ya munthu wopempha. Ndinafotokoza zonse, osabisa. Nditafika pa puleni, anayika nsanza pansi. Anandiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Anaitana akazi awo kuchokera ku kauntala kuti nawonso adzamve, ndipo ndinabwereza kachitatu, malume ataima pambali panga ngati mwana wogwidwa ndi shuga kukamwa.

Atatha kuseka, aneba anati, "Mapaleti alipo. Ndipatseni mipando khumi ya pakhonde langa."

Malume anaona zala khumi zitatambasulidwa, kenako chala chikuloza kushedi kwathu, anamvetsa okha. "Apatse. Ndipanga ina."

"Ayi," ndinatero, kwa onse awiri, m'zilankhulo ziwiri. "Laisensi yathu ndi yotumiza kunja basi. Mpando umodzi ukakhala pakhonde lino, woyendera akauona, kampani yatsekedwa. Inunso aneba mukudziwa, ndinu mlendo, mapepala anu ali ndi zoletsa zawo."

"Ndiye palibe nkhani," anatero aneba, n'kutolanso nsanza yawo.

 Ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndiwauze za mulu wa matabwa umene ukungoola kuseri kwawo, mbewa zikuberekeramo, pamene anzawo akumira. Mwamwayi akazi awo anandidula. Anati akufuna akaone ndi maso awo paleti lopalidwa, chifukwa chibadwire sanamvepo. Tinapita tonse anayi.

Mayiwo analowa m'shedi, anawerama, anayendetsa dzanja pathabwa. Anayendetsanso. Anagwada n'kuyang'ana m'makona, mmene malume anazungulitsa bwinobwino kuti pasakhale chobaya. Kenako anayamba kulankhula ndi amuna awo m'chilankhulo cha kwawo, mofulumira, chala chikuloza kushopu. Sindinamve liwu ndi limodzi, koma ndinaona mapewa a bambowo akutsika pang'onopang'ono, ndipo chilankhulo chimenecho ndiye chimamveka dziko lililonse.

Mayiwo anatembenukira kwa ine. Kwa chaka chathunthu, anatero, akhala akuwauza amuna awo kuti matailosi oonetsa makasitomala asamakhale pansi ngati zinyalala. Akufuna mapaleti onse makumi awiri, awayale m'shopu. Ife titenge akuda aja.

"Lamulo lanu likuletsanso zimenezi?" anafunsa bambowo, ali ndi kachiyembekezo.

"Limaletsa mipando. Mapaleti sitinapange ife, ndipo sitikugulitsa, tikusinthana."

"Ndiponso Chiswe chitseke windo lija ndi lona."

Ichi ndinamasulira ndendende, kupatula dzinalo. Malume anafuna kuyankha, ndinawaponda phazi. Anagwedeza mutu. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Mayiwa akuti mapaleti anga ali bwanji?"

"Akuti ndi okongola."

"Wamva? Wamva, Tsabola? Mawu a akulu akoma akagonera."

"Sanagonere, malume. Ikadali 10 koloko ya tsiku lomwelo."

Mulu wa kuseri unali ndi mapaleti oposa makumi anayi, akuda, a fumbi la simenti, ena akangaude atamangamo midzi. Paleti logwirapo kale ntchito limaloledwa, bola chidindo chiwerengeke, lisakhale ndi khungwa, lisakhale ndi mabowo a tizilombo, ndiponso pasakhale thabwa lachilendo lokhomedwapo. Ndinakwinya siketi n'kulowa. Mayi Foloko amatsitsa limodzi limodzi, ine ndimakwawa mozungulira n'kukuwa kuti "ili" kapena "ayi". Malume amayenda pambuyo panga akubuula ngati ali ndi dzino.

"Ili lili ndi kamsomali kotuluka. Ndingolikhudza pang'ono."

"Musalikhudze."

"Thabwa ili lang'aluka, ndingosinthapo lina, mphindi ziwiri."

"Mukasintha thabwa, paleti lonse lafa. Manja m'thumba!"

Nditacheuka kachitatu ndinawapeza atatulutsa sandipepa m'thumba la malaya, akuyandikira pakona ngati mphaka woyandikira mkaka. Ndinawalanda. Ndinapita m'shedi, ndinatenga puleni zonse zitatu, sandipepa yense, ndinatsekera m'kabati ya tiyi, kiyi ndinapatsa Chete. Chete anaika kiyiyo m'chipewa, chipewa kumutu, n'kunena mawu ake oyamba a mwezi umenewo: "Sapeza."

Pofika 12 koloko mulu unatha. Abwino anali khumi ndi asanu ndi anayi. Ndinawerenganso. Khumi ndi asanu ndi anayi. Dongosolo lathu linali mipando makumi awiri pa paleti lililonse, ndiye mipando makumi awiri inalibe pokwera. Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo, manja lende. Kukuwa kunali kutandithera.

Malume anaima pa katoni imodzi, anaitsegula, anatulutsa mpando, anautembenuza. Anachotsa pensulo kukhutu n'kujambula pakhoma timizere. Akagwira ntchito yawo yeniyeni munthu uja amasintha, ngakhale ine ndimakhala chete.

"Tinasanja mopusa," anatero. "Yonse miyendo kumodzi. Ukagoneka katoni ina mutu uku, ina mutu uko, pamwamba pamatsala malo a imodzi. Makumi awiri ndi umodzi paleti lililonse, limodzi litenga makumi awiri ndi iwiri. Msinkhu sudutsa chitseko cha kontena. Yeza."

Ndinayeza ndi tepi. Kunatsala zala zitatu.

Ndiye munayamba liwiro limene sindidzaiwala. Ine ndi Chete kunyamula makatoni, malume kusanja ndi kumanga malamba, Mayi Foloko kuzungulira ndi kagalimoto kawo akuimba nyimbo imene ndikukhulupirira kuti inali yonena za malume. Aneba anabwera kudzatenga mapaleti awo osalala, anaima pang'ono kuonerera, kenako ndinangoona avula wotchi n'kuyamba kunyamula nawo. Iwo ndi malume amapatsirana makatoni akutukwanana, aliyense m'chilankhulo chake, ndipo panalibe amene anandipempha kumasulira. Lole inafika 1 koloko, dalaivala n'kuyamba kuliza hutala ngati tamubera mkazi. Pakati pa zonsezo ndinathamangira ku kaofesi kathu, kamene kali ndi tebulo limodzi, ketulo ndi makina osindikizira amene amagwira ntchito ukawamenya kumbali. Mndandanda wa katundu umati mapaleti makumi awiri. Ndinalemba wina wa khumi ndi asanu ndi anayi, kulemera kwa lililonse, ndinamenya makinawo kawiri, pepala linatuluka.

Woyendera katundu anafika 2 koloko yeniyeni. Anali mayi wochepa thupi, wa magalasi, tochi kudzanja ili, kachitsulo kosongoka kudzanja linalo. Sanamwetulire. Anazungulira paleti loyamba, anaunika chidindo, anabaya thabwa, analemba. Lachiwiri chimodzimodzi. Malume amamutsatira atavala jekete la misonkhano pamwamba pa thukuta, akugwedeza mutu pa chilichonse ngati akumva.

"Mapaletiwa ndi akale," anatero mayiyo. "Achokera kuti?"

Ndinayankha ine. Anafunsa ngati pali lokonzedwapo, ndinayankha ine. Anafunsa chifukwa chake mndandanda wasintha, za pepala la vanishi, za nambala ya kontena. Ndinayankha ine, ine, ine. Malume amangowonjeza "eya" m'chilankhulo cha kuno, liwu lokhalo limene analiphunzira m'miyezi isanu ndi itatu.

Pa paleti lomaliza mayiyo anawerama n'kutola kanthu pansi. Kanali kachipalo ka thabwa kopiringizika, kochokera ku puleni, kali ndi theka la chidindo chakuda. Anakaunika ndi tochi.

"Ichi n'chiyani?"

 Ndisanapeze poyambira, Mayi Foloko anazimitsa injini n'kufotokoza nkhani yonse kuchokera pamwamba pa kagalimoto, akuchita kuonetsa ndi manja mmene malume amapalira. Woyendera anamvetsera mpaka kumapeto. Anavula magalasi. Mapewa ake anayamba kugwedezeka.

"Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pa ntchito ino," anatero, akupukuta m'maso. "Ndagwira anthu ambiri odinda chidindo chabodza. Wochotsa chenicheni ndamuona lero."

"Akuti chiyani?" ananong'ona malume.

"Akuti ndinu munthu wosowa."

Malume anakonza kolala ya jekete.

Mayiyo anatsamira pa boneti ya lole n'kutulutsa chidindo chake. Anati katundu ali bwino, apite. Koma popeza mndandanda wasintha, pafunika siginecha ya munthu woyang'anira katundu wotuluka pakampani pano, ndipo mu faelo yathu bokosi limenelo ndi lopanda kanthu. Tiwauze dzina tsopano, alilembe, lilowe pa laisensi. Kuyambira lero, munthu ameneyo ndiye azisayina kontena iliyonse, ndiye aziyitanidwa ku ofesi zikavuta. Anatambasula cholembera pakati pa ine ndi malume.

Ndinamasulira zonse, mawu ndi mawu, ngati kale. Dzanja la malume linanyamuka lokha, mwachizolowezi. Langa linafika msanga. Tinagwira cholembera chimodzi anthu awiri, iwo kumutu, ine kunsonga.

"Tsabola, anthu akuona."

"Aone. Ndi mboni."

"Tikambirana madzulo, pakhomo, ngati banja."

"Madzulo doko latseka. Mayiwa akuti wosayina ayenera kudziwa malamulo a katundu. Ndikufunseni limodzi lokha, losavuta? Thabwa la paleti amaliotcheranji?"

Malume anayang'ana Chete. Chete anayang'ana kumwamba. Anayang'ana aneba, aneba anapinda manja akumwetulira, akazi awo ali pambali. Dalaivala analiza hutala kawiri. Woyendera anayang'ana wotchi yake n'kunena kuti ali ndi mashedi ena atatu.

Ndinaona ndevu za malume zikunjenjemera, kuseka kukufuna kutuluka iwo akukukaniza, zala zawo zikuyamba kufooka pa cholembera koma osachisiya.

"Mipando ndi yanu, malume, palibe akukulandani. Dzina lapamwamba ndi lanu. Ine ndikufunsa bokosi limodzi ili. Mayiwa alembe dzina la ndani, la wopala zidindo kapena la wowiritsa tiyi? Musandiyankhe ndi mwambi, lole ikudikira. Yankhani mokweza, ndimasulire!"